Dokotala Wodziwa Khomo: Mbiri ya Udokotala ku Mbizo ndi M'matauni a Migodi

Basi yochoka ku Harare kupita ku Bulawayo imadutsa pa Chegutu ndi pa Kadoma, ndipo ikamafika pa Kwekwe ulendo umakhala uli pakati. Kuchoka apo ndi makilomita ngati 60 okha kukafika ku Gweru, likulu la chigawo cha Midlands. Agogo athu amene anatchona kumeneko ankadziwa malo amenewa ndi maina ena: Hartley, Gatooma, Que Que, Gwelo. Otsala kumudzi ankangoti onsewo ndi ku Halale.

Pa Kwekwe pali komboni yaikulu yotchedwa Mbizo, ya nyumba zondandalikana m'mizere ndi magawo odziwika ndi manambala. Mukachezera pamaliro kumeneko mudzamva nyimbo za Chishona zikupatsana mpata ndi za Chinyanja, ndipo m'buku la chipepeso simudzasowa a Phiri, a Banda ndi a Mwale. Zina mwa zidzukulu za matchona amenewa lero zili m'sukulu za udokotala ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Gweru. Mukazifunsa chimene zidzaphunzire zikamaliza digiri yoyamba, mumva za opaleshoni, za matenda a amayi, za ana, za maso. Wonena kuti akufuna kukhala dokotala wa banja, uja woona agogo, mayi ndi khanda pakhomo limodzi kwa zaka zambiri, ngosowa. Mizu ya kusowa kumeneku ili pansi penipeni, mumgodi momwe.

Dokotala wa kampani

Golide wa pa Globe and Phoenix anazikidwa zikhomo mu 1894, ndipo tauni ya Que Que inamera mozungulira mgodiwo. Eni migodi ya ku Southern Rhodesia ankalipira zochepa poyerekeza ndi a ku Joni, choncho ankasowa antchito nthawi zonse. Ku Nyasaland nako msonkho wa nyumba unali utakhwima, ntchito zolipira bwino kulibe. Amuna anayamba kutsika wapansi kudzera ku Tete, kuoloka Zambezi, kugona m'tchire la mikango. Ena anagwidwa ndi bungwe lolemba antchito la Rhodesia Native Labour Bureau, lokhazikitsidwa mu 1903, limene anthu analipatsa dzina loti chibaro poona kuti kunali kukakamizana. Pambuyo pa mgwirizano wa maboma atatu wa 1936 kunabwera malole aulere onyamula ofuna ntchito, amene mpaka lero akuluakulu amangowatchula kuti Ulere.

Dokotala woyamba amene munthu wa ku Dedza kapena ku Nkhata Bay anakumana naye pamgodi anali wa kampani. Amuna ankafola pamzere ali chibadwire, iye n'kumadutsa kumvetsera zifuwa ndi kuyang'ana m'kamwa. Funso lake linali limodzi: kodi thupi ili lingagwire ntchito? Dzina la mudzi, mkazi wotsala ndi pakati, chimene chinapha bambo ake a munthuyo, zonsezo sizinkalowa m'buku.

Malipiro ankayendera thikiti ya masiku 30. Tsiku logona m'chipatala kapitawo sankalichonga, motero kudwala kunali kudziwonjezera masiku a ukapolo. Anthu ankabisa matenda mpaka kugwa, ndipo poti ambiri ankafika kuchipatala ali kayakaya, mbiri inawanda m'makomboni kuti wolowa m'menemo satulukamo ndi mapazi ake. Phoso linali ufa ndi mchere, ndiwo mwa apo ndi apo, choncho nkhama zinkatupa ndi kuchucha magazi. Usiku wozizira wa June unkabweretsa chibayo kwa amuna otuluka thukuta pansi n'kukagona m'zithando zothithikana. Kunali kamwazi, chindoko, chifuwa chachikulu, kenako chimfine cha 1918 chimene chinasesa makomboni. Wolemba mbiri Charles van Onselen, m'buku lake la 1976 lotchedwa Chibaro, anawerengera kuti pakati pa 1900 ndi 1933 antchito akuda oposa 30,000 anafera m'migodi ya dzikolo, ndipo ochuluka zedi anafa ndi matenda, osati ngozi. Amene mapapo awo anatha koma mpweya ukadalipo ankapatsidwa chitupa chobwerera kwawo, n'kukatsokomolera abale awo kumudzi.

Wotsuka mabala ndi mnyamata wa tsache

M'chipatala chomwecho munali munthu wina amene mabuku a kampani sankamutchula kawirikawiri. Sukulu za mishoni za ku Livingstonia ndi ku Blantyre zinkatulutsa anyamata odziwa kulemba, ena ataphunzirako ndithu za chipatala. N'chifukwa chake Anyasa ambiri ku Rhodesia anali makalaliki, akhukhi, atelala ndiponso othandiza madokotala. Wothandizayu ndiye ankatsuka mabala, kugawa mankhwala, kubaya jakisoni ndi kumasulira. Akaweruka ankakagona m'komboni momwemo. Ankadziwa kuti uyu ndi mkamwini wa uje, kuti uyu chikumudwalitsa ndi kalata imene yachokera kumudzi, kuti uyu wayamba wapita kwa sing'anga ndipo mphini zake zikadali zaziwisi. Usiku mwana akatentha thupi, chitseko chogogodedwa chinali chake. Pamaliro ankakhalapo, ndipo ku bungwe lothandizana pa zovuta ankasonkha nawo. Ntchito imene lero timaitcha udokotala wa banja inkagwiridwa ndi munthu ameneyu, wopanda digiri, wolandira malipiro a wantchito wamba. Anthu anatolapo phunziro limene silinafafanizike: wodziwa khomo ndi wamng'ono, wamkulu ndi uja wodziwa mpeni.

Pamsewu womwe uja wa ku Bulawayo, cha m'ma 1915, mnyamata wina wa ku Kasungu anafika wapansi pa Hartley n'kupeza ntchito yosesa m'chipatala. Dzina lake linali Hastings Kamuzu Banda. Olemba mbiri yake amati zimene anaona pamenepo, mmene odwala akuda ankasungidwira, zinamulimbitsa mtima wofuna udokotala. Anapitirira ku South Africa, anakafika ku America mu 1925, ndipo mu 1937 anamaliza pa Meharry Medical College, pomwe mnzake wa ku Nyasaland, Daniel Sharpe Malekebu, anamalizira zaka 20 m'mbuyo mwake. Atatenganso ziphaso za ku Edinburgh mu 1941, anagwira ntchito ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London, kenako ku Kumasi ku Ghana. Konseko anali dokotala wa mabanja, woona chilichonse chobwera pakhomo pake ndi kuyendera odwala m'nyumba zawo, ndipo ku London ambiri mwa odwala akewo anali azungu. Atabwerera kwawo pa 6 July 1958 anatsegula kachipatala kake ku Limbe. Mu March 1959 boma la atsamunda linamutsekera m'ndende ya ku Gwelo, ulendo wa ola limodzi kuchoka pa Que Que, mpaka pa 1 April 1960.

Choncho dokotala wotchuka kuposa onse amene Malawi anabala anali dokotala wa banja. Chodabwitsa n'chakuti m'zaka 30 za ulamuliro wake, ntchito imeneyo sinapatsidwe mpando. Sukulu ya udokotala ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, iye atatsala pang'ono kuchoka, ndipo zipatala za m'maboma zinatsamira pa makiliniko ofesa ndi anamwino.

Mbizo wa utsi ndi malipiro

Nkhondo yachiwiri itatha, Que Que inasanduka tauni ya mafakitale. Ng'anjo za chitsulo za Risco zinayaka ku Redcliff mu 1948, antchito ake n'kumangiridwa komboni ya Torwood. Miyala ya kromu yochoka ku Selukwe, kumene lero ndi ku Shurugwi, inkasungunulidwa pa Que Que pomwepo, ndipo mu 1969 fakitale ya feteleza ya Sable inayamba ntchito. Amaveni, komboni yakale, inachepa, ndipo Mbizo inakula gawo ndi gawo. Nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, malire anali ofewa, choncho amuna ambiri anaitanitsa akazi awo kapena kukwatira konko. Gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, anapeza mabwalo ake, beni ankavinidwa Lamlungu, Ayao anamanga mizikiti, a CCAP matchalitchi.

Kubwera kwa mabanja kunasintha chipatala. Makampani aakulu anayamba kusamalira mkazi ndi ana a wantchito, khonsolo inatsegula makiliniki a sikelo ndi katemera, ndipo chipatala cha boma chinkalandira otumizidwa. M'tauni munali madokotala oyima paokha, oona matenda onse, koma khomo lawo linali la azungu ndi ochepa amene anali ndi ndalama kapena inshuwalansi ya zaumoyo. Kwa munthu wa ku Mbizo, dokotala wotere anali wa anthu ena.

Nthawi yomweyo dzikolo linayamba kubala madokotala akeake. Samuel Parirenyatwa anamaliza ku Witwatersrand mu 1957, woyamba mwa akuda a ku Southern Rhodesia. Mu 1963 sukulu ya udokotala inatsegulidwa ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, mogwirizana ndi yunivesite ya Birmingham, ndipo inatengera kaphunzitsidwe ka ku Britain ka masiku amenewo. Wophunzira ankathera zaka zake m'mawodi a zipatala zazikulu, akuyenda pambuyo pa katswiri, amene akalowa m'wodi aliyense ankaimirira. Odwala amene ankawaona anali osankhidwa kale, a matenda ovuta, ndipo akatulutsidwa sankawaonanso. Za dokotala wa kumudzi kapena wa m'tauni yaing'ono ankazimva pamene kalata yake yotumizira wodwala ikuwerengedwa mokweza, kawirikawiri pofuna kusonyeza chimene analakwitsa. M'mera mpoyamba. Mwana amene zaka zisanu waona ulemu ukupita mbali imodzi sangadzasankhe mbali inayo mwangozi.

Ufulu, kenako kuzima kwa ng'anjo

Ufulu wa 1980 unafika patangopita zaka ziwiri chichitikire msonkhano wa ku Alma-Ata, umene unalimbikitsa maiko kuika mphamvu pa chisamaliro choyambirira. Zimbabwe inachita zimenezi ndi mtima wonse. Olandira ndalama zosafika madola 150 pamwezi ankathandizidwa ulere, makiliniki anamangidwa m'midzi, alangizi a zaumoyo anaphunzitsidwa, katemera anafika kutali, ndipo imfa za ana zinatsika. Koma nyumba yonseyi inamangidwa pamsana pa namwino. Dokotala anaikidwa pachipatala cha boma ngati malo ongodutsapo: akamaliza zaka ziwiri zoyeserera m'chipatala chachikulu, agwireko kuboma, kenako abwerere kukaphunzira ukatswiri kapena atsegule kachipatala kake. Wosankha njira yachiwiriyi sankafunika maphunziro ena apadera. Madokotala oterewa anali ndi bungwe lawo, College of Primary Care Physicians of Zimbabwe, lowathandiza kunola luso, koma m'maso mwa anzawo ndi mwa anthu, iwo anali amene anaima panjira.

Kenako zinthu zinayamba kuthina. Ndondomeko ya zachuma ya ESAP ya 1991 inabweretsa kulipira m'zipatala ndi kudula antchito m'mafakitale. Edzi inalowa m'makomboni n'kutenga a misinkhu yogwira ntchito, agogo n'kutsala ndi adzukulu. Lamulo la unzika la 2001 linasandutsa alendo anthu ambiri obadwira konko kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, mpaka malamulo aakulu a 2013 anawabwezera unzikawo. Mu 2008 ng'anjo za ku Redcliff zija, zimene tsopano zinali za Ziscosteel, ndiponso zimene pa nthawi yabwino zinkadyetsa antchito ngati 5,000, zinazima. Chaka chomwecho kolera inabuka, n'kugwira anthu oposa 98,000 m'dziko lonse ndi kupha oposa 4,000. Ntchito ikatha, kiliniki ya kampani ndi inshuwalansi zimapita nayo limodzi.

Anyamata a ku Mbizo ndi ku Amaveni anabwerera kumene azigogo awo anayambira, pansi. Makorokoza, monga amatchedwera okumba golide paokha, amalowa m'migodi yakale n'kuboola miyala youma popanda madzi ozizitsa fumbi kapena chotchinga pamphuno. Fumbilo limaumitsa mapapo, ndipo mapapo otero chifuwa chachikulu chimawakonda. Matenda amene kale ankapha munthu mgodi utamudya zaka zambiri, lero akugwetsa anyamata amene sanafike n'komwe zaka 40. Posungunula golide amagwiritsa ntchito mekyule, nthawi zina pafupi ndi pophikira. Nthaka ya tauniyo yafumbulidwa kunsi moti mu March 2023 pansi pa kalasi ina ya sukulu ya pulaimale ya Globe and Phoenix panatitimira, ana n'kuvulala.

Taganizirani khomo limodzi la ku Mbizo lero. Agogo aamuna, amene anapuma ku chitsulo popanda penshoni yooneka, ali ndi shuga ndi BP. Agogo aakazi maondo atha. Mwana wawo wamkazi amamwa ma ARV ndipo ndi woyembekezera. Mwamuna wake ndi korokoza wotsokomola usiku wonse m'chipinda momwe mumagona ana awiri. Mdzukulu wamkulu wasiya sukulu, wayamba mankhwala ozunguza bongo. Kutsata ukatswiri wa chiwalo ndi chiwalo, khomo limeneli likufunika madokotala asanu kapena asanu ndi mmodzi, ambiri a iwo ali ku Gweru, ku Bulawayo kapena ku Harare, aliyense ndi mtengo wake. Chonsecho matenda onsewa akudyera m'mbale imodzi. Woona kuti chifuwa cha bambo chifika pa ana, kuti shuga ya agogo sikutsika chifukwa ndalama ya mankhwala ikupita ku chifuwacho, ndi dokotala amene akudziwa nyumba yonse.

Chimene wophunzira amayeza

Wophunzira wochokera pakhomo lotere amadziwa zonsezi kuposa aphunzitsi ake. Nanga chimamubweza n'chiyani?

Choyamba ndi ngongole ya pakhomo. Kuti afike pamenepo, wina anagulitsa tomato pamsika, wina anatumiza marandi kuchokera ku Joni, mwina wina analowa m'dzenje. Onsewo akudikira. Makampani a inshuwalansi amalipira katswiri kuposa dokotala woona matenda onse, ndipo opaleshoni imodzi ingapose zimene mnzake wapeza atamvetsera odwala tsiku lathunthu. Dokotala wa m'komboni odwala ake ndi osauka, ena ndi anansi amene sangawabweze pakhomo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amatero akuluakulu, ndipo mwana wosenza banja sangadzudzulidwe powerengera.

Chachiwiri ndi makwerero. M'boma, mipando ndi malipiro a ukatswiri zinakonzedwa kalekale potsata nthambi zakale. Wophunzira amaona bwino lomwe kumene dokotala wa ana kapena wa opaleshoni adzakhale pakatha zaka khumi. Wa banja saona mpando wake, ndipo palibe amene amakwera mtengo umene nthambi zake sakuziona.

Chachitatu ndi khomo lotulukira. Mu 2019 madokotala a boma ananyanyala ntchito kwa miyezi ingapo malipiro awo atadyedwa ndi kukwera kwa mitengo, ndipo oposa 400 anachotsedwa. Mu 2023 lamulo latsopano linaletsa ogwira ntchito zachipatala kunyanyala kupitirira maola 72, ndipo chaka chomwecho bungwe la WHO linaika Zimbabwe pa mndandanda wa maiko amene akusowa kwambiri antchito a zaumoyo. Wachinyamata woona zotere amasankha maphunziro amene angamuolotse malire. Agogo ake anatchona ku Halale, iye akuganiza zotchona ku Britain, ku Namibia kapena ku Australia. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena akafika ku Britain amakaphunzira udokotala wa banja womwewo, chifukwa kumeneko uli ndi mpando ndi malipiro.

Chachinayi ndi dzina. Makolo amafuna kunena pamaliro kapena kutchalitchi kuti mwana wawo ndi dokotala wa mtima, wa mafupa, wa ubongo. Akati ndi wa banja, wina amafunsa kuti, "Ndiye kuti sanapitirize?" M'funso limeneli muli mthunzi wa wotsuka mabala uja. Chonsecho ku America nthambi imeneyi inavomerezedwa ngati ukatswiri mu 1969, ku South Africa mu 2007, ndipo kwathu ku Malawi maphunziro ake ndi a zaka zinayi pamwamba pa digiri yoyamba. Dokotala wa banja wa ku Africa amaphunzira kuchita opaleshoni ya mayi amene walephera kubereka, kugoneka wodwala, kubwezeretsa fupa, kusamalira wa misala ndi wa matenda osachiritsika, ndiponso kutsogolera anamwino a m'makiliniki ozungulira. Ndi ntchito yotambalala kuposa ina iliyonse m'chipatala cha boma.

Ku Malawi anayesa kuthyola mwambowu poyambira pa maso a wophunzira. Kuyambira 2011 ophunzira a chaka chachinayi a ku College of Medicine, imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, amatumizidwa masabata angapo kukaphunzira udokotala wa banja m'zipatala za kunja kwa mizinda. Mu 2015 maphunziro a ukatswiri anayamba, ndipo malo ake akhala chipatala cha boma cha Mangochi ndi cha mishoni cha Nkhoma, osati mawodi a chipatala cha Queen Elizabeth. Nzeru yake njapafupi: munthu sasirira chimene sanachionepo. Wophunzira akaona dokotala waluso akupulumutsa mayi usiku, m'mawa n'kukhala pansi ndi banja lonse kukambirana za agogo amene akuchoka, amayamba kufunsa mafunso ena. Ku Zimbabwe nako yunivesite ya NUST ku Bulawayo inatsegula maphunziro a ukatswiri umenewu, ndipo Midlands State University ku Gweru ili ndi sukulu ya udokotala pakati penipeni pa matauni a migodi. Kwekwe, Redcliff, Shurugwi ndi Zvishavane zili pakhomo pake. Koma kuonetsa kokha sikukwanira. Boma likapanda kuika mpando ndi malipiro, ophunzira adzasirira ntchitoyo n'kukaigwira kwina.

Kwa zaka zoposa 120 anthu a m'makomboni a pa Kwekwe aonedwa ndi dokotala wa kampani wowerenga zifuwa, ndi wothandiza wodziwa maina koma wopanda mphamvu, ndi namwino wosenza mtolo wa anthu atatu, ndi katswiri wakutali wofuna kalata ndi ndalama za basi. Amene sanakhalepo ndi munthu mmodzi wokhala ndi zonse ziwiri, maphunziro a mkuluyo ndi kudziwa khomo kwa wamng'onoyo. Matchona otsala ndi okalamba tsopano, ndipo ukalamba umabweza lilime kwawo: Chishona cha kuntchito chimayamba kuthawa, Chinyanja ndi Chiyao cha paubwana n'kumabwerera. Mdzukulu amene angalowe m'chipinda chotere ndi chomvetsera chifuwa m'khosi, n'kugwada pang'ono, n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, agogo? Chifuwa chija chagona?" alipo kale, ali m'kalasi ku Gweru kapena ku Bulawayo. Mnyamata wa ku Kasungu anachoka pa tsache la pa Hartley n'kukakhala dokotala wa mabanja a ku London. Mdzukulu uyu ulendo wake ungathe kukhala waufupi, wa ola limodzi pabasi, ngati pofika pa Kwekwe adzapeze chifukwa chotsikira.